Wardell Spruill Avula Jekete Yoyera

Wardell Spruill ndinamudziwira m'kachipinda koti anthu awiri sakanapatukirana osagundana. Munali m'sitima yankhondo, zija zoyenda pansi pa nyanja, m'chaka cha 1943, ndipo kachipindako kanali kathu kosungiramo mbale za mabwana. Ine, Cornelius Boykin, amene anzanga ankanditchula Neely, ndinali nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Georgia. Iye anali atakhalitsa kale m'gulu la asilikali apamadzi. M'sitima monsemo anthu akuda tinalimo awiri okha, ndipo ntchito yathu inali kuvala jekete yoyera, kuperekera mabwana chakudya, kuwayalira pogona ndi kuwasitira malaya.

Anali wamtali mopitirira, woonda ngati nsungwi, munthu wosayenera m'sitima yotere, moti pamphumi pake sipankasowa chotupa chifukwa chogunda mapaipi. Kwawo kunali kum'mawa kwa North Carolina, kumene bambo ake ankasenza matabwa pa kampani yocheka mitengo. Pamalopo panali injini yaikulu, ndipo Wardell ali mwana ankaima pakhomo la shedi kuiyang'ana mpaka atamuthamangitsa. Atakula anapita kukalembetsa usilikali, n'kumuuza mzungu wolemba anthu kuti akufuna ntchito ya injini. Mzunguyo anaseka, n'kumuuza kuti khomo la anthu akuda ndi limodzi, ndipo limalowera kukhitchini.

Analowa pakhomo lomwelo, koma atamva kuti m'sitima zapansi pa nyanja munthu aliyense, ngakhale wotsuka mbale, amayenera kudziwa paipi iliyonse ndi chotsekera chilichonse, anadzipereka kupita kumeneko. Zinali zoona. Pansi pa madzi munthu mmodzi akalakwitsa mumafa nonse, choncho ankatiphunzitsa monga ena onse. Pa nkhondo Wardell ankathandiza kukankhira m'mipope mabomba aatali aja othamanga m'madzi. Adani akamatiponyera mabomba kuchokera pamwamba, magetsi akuthima, mbale zathu zikusweka, palibe ankakumbuka khungu la mnzake. Tikafika padoko ankalikumbuka. Anzathu ankalowera kwawo, ife kwathu.

Tikamaliza mbale zamasana ine ndinkagona. Wardell ankanyamula ketulo ya khofi n'kupita nayo kumbuyo, kuchipinda cha injini. Khofiyo inali chiphaso chabe. Ankakhala kumeneko m'phokoso ndi m'kutentha, akupukuta zitsulo ndi kasanza, akufunsa mafunso, mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Pobwera ndinkamukakamiza kusamba m'manja kawiri kuti buledi wa mabwana asanunkhe dizilo.

Nkhondo itatha tonse awiri anatitumiza ku New London, doko la sitima zapansi pa nyanja, ndipo patapita zaka tinapezananso m'sitima imodzi. Apa n'kuti Wardell atakwatira Ozella, mayi wamfupi wa mawu akuthwa amene ankagwira ntchito yochapa zovala pachipatala ndiponso ankaimba kwaya kutchalitchi kwathu. Anali ndi mwana wamkazi, Earline. Ine ndi Wardell tinali titakwera, aliyense nyota zitatu pamkono, kutsala pang'ono kufika pamwamba penipeni pa ntchito yathu. Nthawi yomweyo pulezidenti anali atalamula kuti kusankhana mitundu kuthe pakati pa asilikali, ndipo zinkamveka kuti woperekera zakudya akhoza kupempha kusintha ntchito. Ambiri a ife tinangomva, n'kupitiriza kusita malaya. Wardell anapempha.

Ndinamufunsa ngati mutu wake unali bwino. Ndinamukumbutsa kuti timadya zomwe mabwana amadya, timagona m'manja muli moyera, ndipo patsogolo pathu panali udindo waukulu ndi penshoni yabwino.

"Iwe Neely, mbale sindidana nazo," anatero. "Koma sindinasankhe ndine. Ndikufuna m'moyo wanga mukhale ntchito imodzi yoti ndinaisankha ndekha."

Kaputeni wathu nthawi imeneyo anali Hadley, munthu wabwino mtima, ndipo vuto linali lomwelo. Akanakhala wankhanza zikanaphweka. Iyeyu ankamukonda Wardell, makamaka chifukwa cha masikono ake a m'mawa, ofewa, otuluka nthunzi ukawanyema. Atalandira pempholo anamuitana, n'kumuuza kuti amamuona ngati wa m'banja lake, ndipo sakumvetsa chifukwa chimene munthu waluso chonchi angafunire kukadzipaka girisi. Sanakane. Anangoti aliganizira, ndipo analiganizira mpaka chisanu chinatha, maluwa n'kuphuka.

Ine ndinamupatsa nzeru yachidule. Ndinati apsereze masikono sabata imodzi, achulutse mchere mu supu, kaputeni amuthamangitsa yekha. Wardell anakana. Anati akatero adzanena kuti munthu wolephera sikono injini angaithe bwanji. M'malo mwake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti kuyambira mawa lake wophika masikono ndikhala ine.

Ine kuphika nyama ndinkatha, koma ufa sunkandimvera. Masikono anga oyamba tinawapereka kwa anyamata a mabomba, ndipo iwo anati tiwasungire, nkhondo ikadzabweranso adzawaombera adani. Wardell sanaseke. M'mawa uliwonse ankaima kumbuyo kwanga, akundimenya dzanja ndikakanya kwambiri, akundiuza kuti batala azikhala wozizira, ndisamaufinye ufa ngati ndili nawo mlandu. Anga ankapita kwa anyamata, ake kwa mabwana. Zinatenga miyezi. Tsiku lina anangotenga mbale yanga n'kukaika patebulo la mabwana. Kaputeni anadya awiri, anatenga lachitatu, n'kunena kuti lero Spruill wadziposa yekha.

"Waphika ndi Boykin, bwana," anatero Wardell, ataima chilili ndi ketulo m'manja.

Kaputeni anayang'ana sikono lija, anayang'ana Wardell, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Sabata yomweyo anavomereza pempholo.

Panatsala mayeso, ndipo Wardell anawalephera. Za injini anayankha bwino, koma masamu anamugwetsa. Kwawo sukulu ya ana akuda inkatsekedwa nthawi yokumba mtedza ndi yothyola thonje, ndipo iye anaisiya asanafike pa masamu a magawo. Atamva zotsatira anabwera m'kachipinda kathu, anavala jekete yake, anapereka chakudya chamasana monga mwa masiku onse. Titamaliza anandifunsa ngati Mayi Hairston, mphunzitsi wopuma ntchito wa kutchalitchi kwathu, akadaphunzitsabe ana Loweruka.

Ankaphunzitsabe. Motero Loweruka lililonse sitima ikakhala padoko, Wardell ankatsikira m'chipinda chapansi cha tchalitchi n'kukakhala pa kampando ka ana, maondo atafika pachibwano. Mayi Hairston sankamunyengerera. Akalakwa ankagogoda patebulo ndi choko n'kumuuza kuti, "Bambo Spruill, nkhondo munaipambana, koma apa mwagonja, bwerezani." Ana ankaseka, iye n'kubwereza. Chaka chotsatira analembanso ndipo anakhoza.

Apa ndi pamene anamuuza mtengo wake. Nyota zake zitatu zinali za ntchito yoperekera zakudya, ndipo ku injini sakanapita nazo. Ankayenera kuzivula n'kukayambira pansi, pamodzi ndi anyamata ongolowa kumene, malipiro n'kutsika nawo. Anamupatsa masiku oti aganize. Iye anavomera asanatuluke mu ofesimo, ndipo cholakwa chake chinali chakuti sanafunse kaye Ozella.

Ndinalipo Lamlungu limene Wardell anauza Ozella, chifukwa anandiitana kudzadya nkhuku, ndipo ndikuganiza kuti anandiitana dala kuti ndikhale chishango. Ankakhala m'nyumba za boma zija za makoma opyapyala, zoti mnansi akayetsemula umamuyankha. Ozella anali ataonapo kale kanyumba kumtunda kwa tauni, kokhala ndi khonde ndi mtengo wa maapozi, ndipo ankakatchula ngati kawo kale. Wardell anayamba ndi kuyamikira nkhuku, anazungulira uku ndi uku, kenako ananena. Ozella anaika supuni pansi mwakachetechete, n'kuuza Earline kuti akasewere panja.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikusita jekete imeneyi kuti mukwere," anatero. "Lero mukuti mwatsika, ndipo mwatsika nokha, osandiuza. Kodi ine m'nyumba muno ndine mpando?"

Wardell anati walakwa posamufunsa, koma sanalakwe povomera. Ozella anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndinkadziwa. Ndinati ndinkadziwa za mayeso okha, kenako ndinakumbuka kuti kwathu akundidikira. Ndinasiya nkhuku m'mbale.

Sabata yathunthu Ozella sanamulankhule mwamuna wake. Chakudya ankamuikira patebulo, zofuna kumuuza ankatuma mwana. Kenako, osauza munthu, anakapempha kuchipatala kuti azigwiranso ntchito Loweruka. Tsiku limene Wardell ankakayamba ku injini, Ozella anamupatsa zovala zake zabuluu zantchito atazisita bwinobwino, ngakhale zinali zokadetsedwa tsiku lomwelo, n'kumuuza kuti popeza wasankha yekha, asadzabwere kudzalira pakhomo pake. Wardell anandiuza kuti mawu amenewo anawatenga ngati madalitso, chifukwa kwa Ozella madalitso ankamveka choncho.

Mkulu wa chipinda cha injini anali Stanek, mzungu wa ku Ohio, wamimba, wa pakamwa poola. Anamulandira pomupatsa ndowa ndi masanza n'kumulozera pansi penipeni pa sitima, pamene pamadikha madzi akuda osakanikirana ndi mafuta. Wardell anali ndi zaka makumi atatu, nkhondo anaiona, koma tsopano ankalamulidwa ndi anyamata amene pa nthawi ya nkhondoyo anali kusukulu. Ankamutcha madala. Akamadutsa ankakuwa kuti, "Madala, khofi kuno!" Iye ankawayankha kuti ketulo ili pomwe imakhala, ndipo miyendo ali nayo. Wina anamuikira epuloni m'kabati mwake. Wardell anaing'amba pakati n'kupukutira zitsulo.

Nafenso sitinamuchitire chifundo. Tikakumana kwa Deacon Mayfield, mkulu wampingo amene analinso wometa, kumene tonse tinkametetsa tsitsi, anzathu a m'sitima zina ankamufunsa ngati nyemba za anyamata zikukoma kuposa nyama ya mabwana. Wina ankatseka mphuno Wardell akalowa. Wina anati azungu akungomuyesa, chaka chisanathe amubweza kukhitchini alibe nyota ndi imodzi yomwe. Wardell ankaseka nawo, akuonetsa zikhadabo zake zakuda ngati mphete zaukwati. Koma ine ndinkamuona akamatuluka pansi paja, msana utakana kuwongoka, akugwira khoma.

Patapita miyezi yambiri Stanek anayamba kumuika pa injini penipeni, ndipo ngozi inachitika pomwepo. Tinali kunyanja kufupi ndi Virginia, tikuyeserera kumira mwachangu. Belu lomira likalira, anthu a injini amayenera kuzimitsa ndi kutseka mapaipi a utsi madzi asanalowe. Wardell anachedwa kutseka chotsekera chake. Sanachedwe kwambiri, koma nyanja siidikira munthu. Madzi amchere anadzaza injini imodzi, ndipo tinabwerera kudoko tikutsimphina ndi zitatu zotsalazo. Panalibe wina womunamizira. Analakwa ndi iye, ndipo anavomera pamaso pa onse.

Hadley anali akadali kaputeni. Anamuitanira m'chipinda cha mabwana, ine ndili kuseri kwa katani m'kachipinda kathu, ndikupukuta kapu imodzimodzi kuti ndimve. Kaputeni sanakalipe. Analankhula mofatsa ngati bambo. Anati Wardell wayesetsa, palibe angamunene, koma munthu aliyense ali ndi malo ake. Anati akhoza kukonza zoti abwerere ku jekete yoyera, nyota zake zonse n'kumubwezera, nkhani ya injini n'kuiwalika.

Ndinaganiza za Ozella ndi Loweruka lake, ndipo mumtima ndinati avomere. 

"Zikomo, bwana," anatero Wardell. "Chilango chilichonse ndilandira. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Pomasula injini imeneyi ndikhale nawo. Ndaiononga ndine, ndikufuna ndione m'kati mwake zimene ndachita."

Kaputeni anaitanitsa Stanek n'kumufunsa ngati akumufunabe munthuyu. Ine ndinkadikira kuti Stanek amutaye. Iye anakanda mimba yake, anatukwana kaye pang'ono, n'kunena kuti m'chipinda chake mulibe munthu amene sanamizepo injini, ndipo iye mwini anamizapo ziwiri. Anati wothira madzi ndi amene akawapope, ndipo sakufuna kuphunzitsanso mwana wina watsopano pamene uyu waphunzira kale ndi manyazi.

Chilango anamupatsa, ndipo kukwezedwa kwake kunachedwa ndi chaka. Injini ija anaimasula chitsulo chimodzichimodzi, kutsuka mchere, kubwezeretsa. Wardell ankafika woyamba n'kuchoka womaliza. Ozella ankabwera pageti ndi chakudya chokulunga m'pepala, n'kundipatsa ine kuti ndikamupatse, akunena kuti ndimuuze mbuzi imeneyo idye. Tsiku limene injiniyo inaliranso, Stanek sanamuyamikire. Anangomuuza kuti mawa aime pa injini yomweyo, ndipo belu likalira atseke ngati m'paipimo mukubwera apongozi ake.

Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa munthu wa injini wamba. Anakwera pang'onopang'ono, nyota imodzi, kenako yachiwiri. Anayenda m'sitima zina, nyanja zozizira ndi zotentha, ndipo phokoso linayamba kumudya makutu. Anyamata akuda anayamba kubwera amene ankalowa ku injini kapena ku magetsi mwachindunji, osadzera kukhitchini, ndipo ena a iwo ankationa ife a majekete oyera ngati anthu ochititsa manyazi. Tsiku lina kwa Deacon Mayfield mmodzi wa iwo, ataona ine ndikulowa, ananena mokweza kuti wafika wantchito wa azungu. Wardell anali pampando, nsalu ili m'khosi, mbali imodzi ya mutu atameta kale. Anadzuka choncho, n'kukaima pamaso pa mnyamatayo.

"Mwana iwe, munthu uyu mabomba akugwa ankapereka chakudya chotentha kwa anthu amene manja awo ankanjenjemera," anatero. "Iwe pansi pa nyanja unamvapo chiyani, kupatula mkonono wa mnzako? Dzuka, umupatse mpando."

Mnyamatayo anadzuka. Ine ndinakhala, ngakhale sinali nthawi yanga yometa.

Kenako kunabwera sitima zatsopano zosafuna dizilo, zoyendera mphamvu ya nyukiliya. Wardell anapempha kupita kusukulu yake. Anamukana chifukwa cha msinkhu ndi makutu, ndipo ulendo uno panalibe Mayi Hairston amene akanamuthandiza. Anapemphanso, anamukananso. Anapuma ntchito mu 1962 ali ndi nyota ziwiri, kuchepera pa zomwe anavula zija. Ine ndinapuma ndili pamwamba pa ntchito yathu, penshoni yanga yoposa yake, ndipo sindinkalephera kumukumbutsa. Iye ankaloza khutu lake n'kunena kuti sakumva. Kanyumba ka mtengo wa maapozi kanagulidwa ndi ena. Iwo anadzapeza kena kakang'ono pafupi ndi njanji, ndipo Ozella ankati n'chimodzimodzi, popeza mwamuna wake sitima yapamtunda ikamadutsa saimva.

Atapuma sanakhale pansi. Ku Stonington, tauni yapafupi ya m'mphepete mwa nyanja, kunali asodzi achipwitikizi okhala ndi maboti akale a dizilo, ndipo mmodzi atamuyesa, onse anayamba kumufuna. Ankapita m'mawa ndi galimoto yake yakutha, bokosi la masipanala kumbuyo, n'kubwera madzulo ndi nsomba zokulunga m'nyuzipepala. Iwo Chingerezi chawo chinali chothyoka, iye makutu analibe, choncho ankamvana ndi manja ndi kukuwa, ndipo sindinamvepo kuti anakangana. Injini ankaimvera poika chikhatho pachitsulo. Earline anaphunzira unamwino, anakwatiwa ku Hartford, ndipo Wardell anapita ku ukwatiwo zikhadabo zikadali zakuda, ngakhale Ozella anazikwecha ndi mandimu.

Atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri mtima unayamba kumuvuta. Dokotala anamuletsa kukwawa m'maboti. Wardell anagwedeza mutu ngati wamva, mawa lake n'kupita ku Stonington. Ozella anatenga bokosi la masipanala, anandiitana kuti ndimuthandize kunyamula, tinakalibisa kutchalitchi kuseri kwa mikanjo ya kwaya. Wardell sanafunse aliyense. Anakhala pakhonde masiku angapo, manja ali pamaondo, akuyang'ana njanji. Kenako Ozella anandiimbira foni kuti munthu uja wasowa, galimotonso palibe.

Ndinamupeza padoko la ku Stonington, m'boti la msodzi wina dzina lake Furtado, miyendo yokha ikuoneka kunja kwa dzenje la injini. Masipanala anabwereka kwa mwini boti. Kunkazizira, mphepo ikuchokera kunyanja. Ndinamukoka mwendo, anatulutsa mutu, ndipo ndinamukuwira m'khutu kuti mkazi wake akumufuna, dokotala analetsa. Anandiyang'ana, anapuma kaye, n'kunena kuti Furtado ali ndi ana asanu ndipo nsomba zili kunyanja, osati padoko. Anandipatsa tochi kuti ndimuunikire.

Ndinamuunikira. Tinatha pamenepo masana onse, ine maondo akundiwawa, iye akupuma pafupipafupi, mpaka injini inatsokomola n'kulira. Pobwerera ndinayendetsa galimoto ndine. Ozella anatidikira pakhomo atagwira m'chiuno, anatitukwana tonse awiri, ine kwambiri, kenako anatipatsa supu. Mawa lake anandituma kukatenga bokosi lija kutchalitchi. Anati ngati munthuyu wasankha kufera m'boti, asafe ndi masipanala obwereka.

Sanafere m'boti. Anagwirabe ntchito chisanu chonsecho, maboti ochepa, pang'onopang'ono, ndipo anamwalira kunyumba mwezi wa Epulo, Lamlungu masana, atakhala pampando nsapato za kutchalitchi zikadali kumapazi. Pamaliro asodzi a ku Stonington anabwera onse atavala masuti owathina, anakhala kumbuyo m'tchalitchi cha anthu akuda, nyimbo zathu osazidziwa, ndipo pomunyamula anapempha kuti mbali imodzi ya bokosi lamaliro agwire iwo. Ozella anawalola.